Wamaliza LA koma thupi likutenthabe, tiyang'ane pati?

Mvula ikangokhazikika kuno ku Kasungu, kuyambira cha mu Disembala mpaka fodya atadzadza m'zigafa, dandaulo lomwe timamva tsiku ndi tsiku pa benchi ya chipatala ndi limodzimodzi. "Adokotala, LA wamaliza koma thupi silikusintha." Kapena, "anachira bwinobwino sabata yatha ija mpaka amasewera, dzulo usiku zayambiranso." Ine ndimagwira ntchito pa chipatala chaching'ono chakumudzi, ndiye zomwe ndalemba apazi ndi mafunso omwe ndimafunsa mayi akakhala pampando mwana ali pamiyendo. Ambiri mwa mafunsowa mutha kudzifunsa nokha muli pakhomo musanatume munthu ku golosale kukagula LA wina, mankhwala a malungo aja, poti chomwe chikutipweteka kwambiri ndi chimenecho, kumangoonjezera LA pamwamba pa LA pomwe chikumudya munthuyo ndi china.

Izi mukaziona musadikire kuche

Ndiyambe ndi izi kaye chifukwa pali zina zosafunika kukhalira pansi n'kumaganiza. Mwana akakomoka, thupi n'kuuma maso n'kutembenuzika, kaya kangokhala kamodzi. Akakana bere kapena akulephera kumeza ngakhale madzi. Akamasanza chilichonse chomwe mwamupatsa, osati kusanza kamodzi kokha ayi koma chilichonse chikalowa n'kubwerera. Akangoti lefuu, mukumugwedeza koma akungotsegula maso pang'ono n'kugonanso. Akamabanika, nthiti zam'munsi zikulowa mkati akamakoka mpweya. Zikhatho zikayera mbuu. Khosi likauma moti sangaweramitse mutu, kapena kwa khanda liwombo likatupa n'kulimba. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena maso akachita chikasu. Chimodzi chokha mwa izi ndi chokwanira, pezani kabaza usiku womwewo.

Ndipo khanda losakwana miyezi iwiri silikhala ndi kutentha thupi kwakung'ono. Likangotentha, kapenanso likazizira mosazolowereka n'kumayamwa mwaulesi, limenelo ndi la kuchipatala basi, musalipatse Panado n'kumaona kuti mawa kucha bwanji. Ana amsinkhu uwu matenda amalowa m'magazi mwamsanga kwambiri ndipo saonetsa zizindikiro zambiri ngati mwana wamkulu.

Ngati zonsezi palibe, mwana akumwa, akudyako pang'ono, thupi likazizira akumakhala tsonga, ndiye tili ndi mpata wofufuza bwinobwino.

Kodi anabayidwa chala?

Funso langa loyamba limakhala limeneli ndipo yankho lake nthawi zambiri limathetsa nkhani yonse. Mayi amati "ankamwa LA," ine ndimati anamuyeza kuti? "Ayi sitinapite, kunyumba kunali wina wotsala wa achemwali ake." Kapena abambo anagula pa tauni pobwera kogulitsa soya. Apa ndiye kuti sitikudziwa ngati mwanayo anali ndi malungo n'komwe. Akuluakulufe tinakula nthawi yomwe kutentha thupi kulikonse amangopereka chloroquine, kenako mu 1993 kunabwera Fansidar, mu 2007 n'kubwera LA, ndipo nthawi yonseyo m'zipatala zing'onozing'ono zambiri munalibe choyezera malungo. Tizipangizo tobaya chala tija tinafalikira m'dziko muno mu 2011, ndipo kuyambira pamenepo lamulo la unduna wa zaumoyo ndi lakuti tiyeze kaye kenako tipereke LA. Koma chizolowezi chakale chija chikadali m'mitu mwathu, agogo akangogwira pamphumi amati malungo awa, ndipo mawu a agogo pakhomo salimbana nawo wamba.

LA amapha tizilombo ta malungo tokha. Sachiza chibayo, sachiza typhoid, sachiza mafinya a m'khutu. Ngati munamupatsa mwana osayeza ndiye thupi silikusintha, si kuti LA ndi wofooka kapena ndi wa feki, mwina wangopatsidwa ntchito yosakhala yake. Kuyezetsa pa chipatala cha boma n'kwaulere, ndiponso alangizi a zaumoyo omwe ali ndi kliniki ya m'mudzi amayeza ana oyambira miyezi iwiri mpaka zaka 5, zotsatira zake mumaziona musananyamuke, mphindi 15 kapena 20 basi.

Anayezedwa, anapezeka nawo. Nanga anamwa bwanji?

Apa ndiye pamene ndimakhalitsa, ndipo ndimapempha kuti andionetse kapepala ka mankhwala komweko. Ambiri amabwera nako atakamangirira pansonga ya chitenje limodzi ndi buku la kuchipatala. Ukakatambasula pa tebulo umangoona wekha, timabowo tinayi tobooledwa, tiwiri takumapeto mapiritsi achikasu aja akadali momwemo. Ukafunsa amati "tsiku lachiwiri thupi linazizira ndiye ndinasunga kuti mwina wina akadwala." Sindimawakalipira chifukwa ndikudziwa kutalika kwa njira komanso kuti nthawi zina munthu amafika kuchipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, koma zoona zake n'zakuti mapiritsi otsalawo ndi amene amamaliza ntchito. Mu LA muli mankhwala awiri, artemether amene amagwetsa tizilombo mwamsanga n'chifukwa chake thupi limazizira msanga, ndi lumefantrine amene amatsalira m'magazi kusesa totsala. Mukasiyira panjira, totsalato timachulukananso ndipo pakapita sabata imodzi kapena ziwiri mwabwereranso pomwe munayambira.

Kamwedwe kake ndi ka 6 pa masiku atatu. Koyamba pompo, kachiwiri pakapita maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo, m'mawa ndi madzulo. Maola 8 amenewa ndi amene amasokoneza anthu, mwalandira mankhwala 2 koloko masana ndiye kuti kachiwiri ndi 10 koloko usiku, mwana ali m'tulo, ambiri amangoti tiona mawa. Mudzutseni amwe. Tcherani alamu pa foni ngati muli nayo.

Kuchuluka kwa mapiritsi kumayendera sikelo osati zaka. Mwana wa makilo 5 mpaka 14 ndi piritsi limodzi pakamwedwe kalikonse, 15 mpaka 24 awiri, 25 mpaka 34 atatu, 35 kupita m'mwamba anayi. Ndiye munthu wamkulu amamwa mapiritsi 24 onse pamodzi. Paketi ya mwana wamng'ono mukampatsa mchimwene wake wa Sitandade 5 ndiye kuti mwamupatsa theka kapena kuchepera apo. Paketi imodzi kugawana ana awiri odwala nthawi imodzi, zomwe zimachitika kwambiri m'maesiteti komwe matenanti amakhala kutali ndi chipatala, ndiye kuti palibe amene wachizidwa mwa awiriwo.

China chomwe sitimafotokoza mokwanira pa windo la mankhwala chifukwa cha kutalika kwa mzere ndi nkhani ya chakudya. Lumefantrine amalowa bwino m'thupi akatsagana ndi chakudya chamafuta. Kwa khanda bere ndi lokwanira, muyamwitseni akangomwa. Kwa wamkulupo phala lothira nsinjiro, mkaka, kapena ndiwo zotendera, ife a ku Kasungu mtedza sutisowa. Ndikudziwa kuti wodwala malungo safuna chakudya, koma masipuni ochepa okha amathandiza kusiyana ndi kumwera madzi okha pamimba yopanda kanthu.

Nanga anasanza? Mwana akasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni, piritsilo latuluka, mpatseninso lina, kenako mukapemphe kuchipatala lobwezera kuti dozi ikwane. Akasanzanso kachiwiri musalimbane nazo, ameneyo akufunika jakisoni wa artesunate osati mapiritsi.

Mizere iwiri yatulukanso

Iyi ndi mbali yovuta kumvetsa ngakhale kwa ena ogwira ntchito zachipatala. Mwana anamwa LA bwinobwino milungu iwiri yapitayo, lero watenthanso, mwapita naye kokayezetsa, abaya chala, mizere iwiri yatuluka. Aliyense amangoti malungo abwerera. Koma kachipangizo kaja sikaona tizilombo tamoyo, kamaona zotsalira zomwe tizilomboto timasiya m'magazi, ndipo zotsalirazo zimatha kukhalamo milungu ingapo ngakhale tizilombo tonse titafa kale. Ndiye mizere iwiriyo ikhoza kukhala ya malungo akale aja, pomwe chomwe chikutenthetsa thupi lero ndi chibayo kapena khutu.

Choncho mukamabwereranso, nenani momveka kuti "anamwa LA tsiku lakuti," ndipo bukulo likhale lomwe lija osati kugula latsopano pa geti. Zikatere chofunika ndi kuyeza magazi pa galasi ku labu, kuona ndi maso pa maikulosikopu ngati tizilombo tilipodi. Zipatala zing'onozing'ono zambiri zilibe zimenezi, n'chifukwa chake timakutumizani ku chipatala cha boma pa Kasungu, kapena ngati muli cha ku Mtunthama ku St Andrew's, a kumpoto ku Nkhamenya. Musaone ngati tikukukankhani. Akapezadi tizilombo mwana atamwa LA mokwanira, pali mankhwala ena achiwiri otchedwa ASAQ. Akapanda kupeza ndiye kuti tafulumira kudziwa kuti tifufuze kwina.

Zimathekanso kuti ndi malungo atsopano. LA si katemera, mwana akachira n'kumagonabe panja pa neti udzudzu umulumanso basi. Ndimafunsa kuti neti ili kuti, nthawi zina ili ku dimba yatchinga nazale ya tomato, nthawi zina ilipo koma mwana akagona pamphasa pabalaza palibe pomangirira. Mwana wodwala malungo kawirikawiri magazi amamuthera pang'onopang'ono. Tsegulani chikhatho chake muchiyike pafupi ndi chanu, kokerani pansi chikope cham'munsi muone mkati. Mukakhala moyera m'malo mofiira, akayezetse magazi ngakhale akuyenda yekha.

Kachipangizo kati alibe malungo, koma akutentha

Mayi ambiri apa amakhumudwa, ena amatuluka n'kukagula LA kunja poganiza kuti adokotala awamana. Chonde musatero. Mzere umodzi ndi uthenga wakuti tiyang'ane kwina, ndipo koyamba koyang'ana ndi pachifuwa.

Chibayo chimapha ana ambiri ndipo chimafanana ndi malungo poyamba, kutentha thupi, kufooka, kukana chakudya. Njira yochizindikira ili m'manja mwanu. Dikirani mwana akhale bata, asakhale akulira, kaya ali m'tulo kaya wangomaliza kuyamwa. Kwezani malaya ake mimba ndi chifuwa zioneke, ikani foni pambali, muwerenge kangati chifuwa chikukwera pa mphindi imodzi yathunthu, osati theka n'kuwirikiza chifukwa ana amapuma modukiza. Khanda losakwana miyezi iwiri, 60 kapena kuposa ndi kupuma mothamanga. Wa miyezi iwiri mpaka 11, 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, 40. Akafika pamenepo ali ndi chifuwa, ndi chibayo mpaka wachipatala atanena zina. Kwa mwana wa miyezi iwiri kupita m'mwamba mankhwala ake ndi amoxicillin wosungunula m'madzi uja, kawiri patsiku kwa masiku 5, ndipo naye amafuna kumaliza. Koma mukaona pansi pa nthiti pakulowa mkati kwambiri, mphuno zikutukuka, akubuula popuma, milomo yada, pitani naye komwe kuli okosijeni, mapiritsi okha sakwanira.

Chimfine wamba nachonso chimatenthetsa thupi masiku awiri kapena atatu, mamina, kachifuwa, koma kupuma kuli bwinobwino. Chimenecho sichifuna LA kapena kapusozi aliyense, madzi ambiri, bere, Panado basi. Tikakuuzani zimenezi si kuti takuderani.

Kenako khutu. Mwana wosayankhula amangolira usiku n'kumakoka khutu, pena mumadzaona mafinya pa chitenje chomwe wagonera. Musathiremo mafuta ophikira kapena madzi a masamba, pukutani ndi kansalu koyera kopota n'kupita naye. Kuseri kwa khutu kukatupa n'kumawawa, zafika pa fupa, ndi za tsiku lomwelo. Pakhosi napo, mwana wa sukulu wotentha thupi amene akumva kuwawa pomeza, popanda chifuwa kapena mamina, muunikireni ndi tochi ya foni. Mukaona zotupa zofiira zokhala ndi mafinya oyera akalandire mankhwala, chifukwa zilonda zapakhosi zamtundu uwu zikanyalanyazidwa zimadzaononga mtima patsogolo, ndipo ana oterewa timawaona akubwera ali ndi zaka 12 kapena 15 akutupa miyendo ndi kubanika.

Njira ya mkodzo anthu amaiwala. Wamkulu amanena yekha kuti pokodza pakuotcha kapena msana ukuwawa cham'mbali, koma kamtsikana kakang'ono kamangotentha thupi popanda china chooneka, mwina kulira pokodza kapena mkodzo kununkha. Akayeze mkodzo. Chikuku chimaoneka ndi maso ofiira, chifuwa, kenako totupa toyambira kumaso kutsikira m'thupi, mwana wotero musamubise m'nyumba. Ndipo zoti thupi latentha chifukwa mano akumera, mano satenthetsa thupi mpaka mwana kufooka, musapachike matenda pa mano.

Kutsegula m'mimba kukaphatikizana ndi kutentha thupi, yambani Thanzi ORS pompo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, ndi zinc yemwe amamwedwa masiku osachepera 10 ngakhale m'mimba mwasiya. Mukaona magazi m'chimbudzi ndi kamwazi ameneyo, akaonedwe.

Thupi likatentha kupitirira sabata

Apa ndimaganiza za typhoid, makamaka kwa ana a sukulu ndi achinyamata. Amayamba pang'onopang'ono, mutu, m'mimba kuwawa, wina kudzimbidwa wina kutsegula, kutentha kumangokwerakwera tsiku ndi tsiku, LA wamwa kawiri koma ayi ndithu. Amachokera m'madzi ndi chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi, zitsime zosatetezedwa za m'madambo zija nthawi ya dzinja, kapena zakudya zapamsika zogwiridwa ndi manja osasamba. Choopsa chake n'chakuti cha mu sabata yachitatu matumbo amatha kubooka, mimba n'kuuma gwa n'kutupa, pamenepo ndi opaleshoni yokha. Musaganize kuti Bactrim wa pa golosale athana naye, madokotala a ku Blantyre anaona kuyambira cha mu 2011 kuti typhoid wambiri samvanso amoxicillin, Bactrim ndi chloramphenicol. Komanso kuyeza kuja kotchedwa Widal komwe m'mapulayiveti ena amakonda, pakokha sikodalirika, kumatha kunena typhoid kwa munthu amene alibe, ndiye wachipatala aziphatikiza ndi mbiri ya matenda komanso kumugwira wodwalayo pamimba. Katemera wa typhoid anabwera mu Meyi 2023, anabaya ana kuyambira miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, ndipo pano ali pa ndondomeko ya kusikelo. Onani m'buku ngati mwana wanu analandira.

Pali nthenda ina yomwe ndi yathu ya kuno, a m'maboma ambiri saiganizira n'komwe. Amene muli m'mphepete mwa Kasungu National Park, cha kwa Chulu, kwa Lukwa, ku Linyangwa, mumamudziwa kashembe ndi kaluma kake kowawa. Kashembe amafalitsa kaodzera. Anthu amadikira kuti aone munthu akuodzera masana ndiye adziwe, koma tulo timabwera matenda atafika kale ku ubongo. Poyamba zimangokhala ngati malungo enieni, kutentha thupi, mutu waukulu, kuphwanya m'thupi, pena chotupa chowawa pamalo pomwe analumidwa, pena mwanabere. Mtundu wa kaodzera womwe uli kuno, ku Nkhotakota ndi ku Rumphi ndi wothamanga, umapha m'milungu kapena miyezi yochepa ukapanda kuchizidwa. Umaoneka pa maikulosikopu, kachipangizo ka malungo sikangauone. Vuto limakhala lakuti munthu amaopa kunena kuti analowa m'paki kukafuna nkhuni, bowa, matondo kapena uchi, poganiza kuti timuneneza. Ife za paki sizitikhudza, tikufuna tidziwe choyeza. Nenani kuti kashembe anandiluma. Mankhwala ake alipo ndipo ndi aulere.

Akuluakulu

Abambo ndi amene amabwera mochedwa kwambiri. Nthawi yothyola ndi kusoka fodya palibe amafuna kusiya ntchito, ndiye ndi Panado m'mawa, Brufen masana, kapusozi awiri madzulo, mpaka tsiku lomwe amabwera atagonekedwa pa ngolo. Kwa wamkulu zizindikiro zoti matenda alowa m'magazi ndi izi, kuyankhula zosokonekera, kupuma mothamanga, chizungulire akaimirira, manja ndi mapazi kuzizira thupi lili moto, tsiku lonse osakodza. Yang'ananinso mabala. Bala la khasu kapena chisonga lomwe latupa, kufiira kukukwera mwendo, makamaka kwa wodwala shuga, lingakhale gwero la kutentha konseko.

Kutentha thupi kobwerezabwereza kwa milungu, thukuta la usiku mpaka zofunda kunyowa, kuonda, chifuwa chopitirira milungu iwiri, apa tiyeze makhololo kuti tione za TB ndipo tiyezenso HIV. Ndimanena izi kwa aliyense mosasankha nkhope. Amene muli pa ma ARV ndipo munadukiza, nenani, sitikuweruzani, koma zimasintha zomwe tikuyenera kufufuza. Mutu wosasiya kwa masiku ambiri kwa munthu amene chitetezo chatsika si wa Panado, ukhoza kukhala matenda oumitsa khosi amtundu wina omwe amayamba mozemba.

Amayi oyembekezera, kutentha thupi kulikonse ndi kwa kuchipatala tsiku lomwelo, musadzigulire chilichonse. Ndipo amene mwangobereka kumene kapena mimba yachoka, kaya yachoka yokha kaya mwanjira ina, thupi likatentha, pansi pamimba pakuwawa, kumusi kukutuluka zonunkha, musamwe LA n'kumabisa. Chiberekero chikagwira tizilombo mayi amatha kupita m'masiku ochepa. Apongozi ndi alamu amene mukusamala mayi wachikuta, mufunseni mwachindunji chifukwa yekha amachita manyazi.

Za Panado ndi makapusozi a pa golosale

Panado amaziziritsa thupi ndi kuchepetsa ululu koma sachiza chomwe chayambitsa. Thupi kuzizira maola anayi mutamwetsa Panado si kuchira. Piritsi la akuluakulu lija ndi la 500 mg, mwana wa miyezi iwiri mpaka zaka zitatu ndi kota ya piritsi, wa zaka zitatu mpaka 5 theka, pakadutse maola 6, osapitirira kanayi patsiku. Wamkulu awiri nthawi imodzi, asapitirire 8 patsiku chifukwa amaononga chiwindi. Samalani poti mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ogulitsidwa m'magolosale ali kale ndi Panado mkati mwake. Aspirin ana ayi. Brufen ndi Indocid kwa munthu amene akusanza, akutsegula m'mimba kapena sakumwa madzi zimapweteka impso ndi m'mimba.

Makapusozi ogula awiriawiri aja ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Awiri lero, awiri mawa ndalama ikapezeka, ena kutsegula n'kuthira ufa wake pa bala kapena m'phala la mwana. Matenda sachira, amangobisala pang'ono moti mukafika kwa ife chithunzi chasokonekera, ndipo tizilombo timazolowera mankhwalawo. Zomwe zinachitikira chloroquine ndi Fansidar zija ndi zomwezo zikuchitikira amoxicillin ndi Bactrim panopa. Ngati mwamwa kale musabise, bweretsani timapepala take tione. Chimodzimodzi mankhwala achikuda, ngati mwana wamwetsedwa kapena watemedwa mphini tiuzeni, zimatithandiza kumvetsa chifukwa chomwe maso achitira chikasu kapena mkodzo wasiyira.

Panjira

Mwana wotentha musamufunditse bulangeti ndi juzi ndi chipewa, muvuleni atsale ndi kamalaya kopepuka, mupukuteni ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda pang'ono, osati ozizira a pamjigo. Akakomoka mugonekeni chammbali pamalo opanda moto, musamuyike sipuni kapena chala mkamwa, musamuthire madzi kapena mankhwala mkamwa chifukwa amapita kumapapo, musamufukize utsi. Akatsitsimuka n'kumatha kumeza, bere kapena madzi othira shuga pang'onopang'ono, poti malungo aakulu amagwetsa shuga m'thupi. Ngati kliniki ya m'mudzi ili panjira yanu dzerani pomwepo, alangizi amatha kukhala ndi artesunate woyika kumbuyo kwa ana aang'ono, amene amagwiriziza mwana kuti akafike. Ameneyo ndi woyambira chabe, mwana akaoneka bwino pakapita maola angapo ulendo usathere pomwepo, akufunikabe jakisoni ndi LA wathunthu.

Tengani buku, timapepala ta mankhwala onse, zovala zosinthira ndi kapu, poti mwina mugonekedwa. Abwere ndi munthu amene wakhala ndi wodwalayo kuyambira tsiku loyamba, osati amalume amene angofika dzulo, chifukwa tifunsa kuti zinayamba liti, wakomoka kangati, wakodza liti komaliza. Mukafika n'kupeza mzere wautali mwana ali ndi chimodzi mwa zizindikiro zoopsa zija, musakhale kumapeto kwa benchi mwaulemu, pitani kutsogolo muuze anesi kapena aliyense wovala yunifolomu kuti mwana wakomoka kapena akubanika. Dongosolo la chipatala limalola zimenezo, odwalitsitsa ndi amene amayamba. Tikanena kuti mupite ku boma, kapena a ku boma akanena za Kamuzu Central ku Lilongwe, ndikudziwa kuti mumayamba kuwerengera thiransipoti, chakudya cha odikirira ndi ana otsala pakhomo, ndipo kubwerera kunyumba kukafunsa kaye abambo kumatha kudya tsiku lathunthu. Kambiranani nkhani imeneyi pakhomo mvula isanayambe, kuti mayi akhale ndi chilolezo chonyamuka yekha, nambala ya wa kabaza ikhale mu foni, ndipo fodya kapena mtedza ukagulitsidwa kandalama kena kapatulidwe ka ulendo woterewu.

Ngati takupatsani mankhwala n'kukubwezani kunyumba, masiku ake ndi awa. Pa LA kapena amoxicillin, pakatha masiku awiri kapena atatu kusintha kuzioneka. Thupi likamatenthabe tsiku lachitatu bwereraninso, zikaipiraipira musadikire n'komwe tsiku lachitatulo, ndipo kutentha thupi kwa tsiku ndi tsiku kopitirira masiku 7 pemphani kalata yopita ku chipatala chomwe chili ndi labu.